Kalata ya m'Thumba la Jekete

Tadala mwana wanga, tsiku lija tinkachokera kovundukula chiliza cha mayi ako unandifunsa funso, ine n'kukuyankha kuti ndidzakulembera. Unandiyang'ana ngati munthu amene akuthawa. Mwina ndinkathawadi, koma moyo wanga wonse ndagwira ntchito ya mapepala, ndipo dzanja langa limalongosola bwino kusiyana ndi pakamwa. Unafunsa kuti: pamene ndinkalemba dzina la mayi ako pa mndandanda wa aphunzitsi otumizidwa kumidzi, kodi ndinkadziwa kuti mphumu yawo ndi yoopsa? Mayi ako aang'ono, a Felesiya, anakuuza mbali yawo, ndipo wandiuza kuti ukatha mayeso a Folomu 4 ukufuna kukakhala kwa iwo ku Blantyre. Sindikulemba kuti ndikuletse. Ndikufuna usankhe ukudziwa zonse. Za ubwana wanga ku Chiradzulu unazimva kale mpaka kutopa nazo, choncho ndiyambira pa ntchito. Mayina a anzanga ndi a sukulu ndawasintha.

Chaka choyamba: m'chipinda cha mafayilo

Ndinafika ku Mwanza ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, nditanyamula sutikesi imodzi ndi dipuloma ya kayendetsedwe ka ntchito za boma. Ndinkaganiza kuti akandipatsa tebulo langalanga. Anandilowetsa m'kachipinda kopanda windo kosungiramo mafayilo a aphunzitsi, pansi pa mkulu wina, a Sitolo, amene sukulu analekeza Folomu 2 koma fayilo iliyonse ankaidziwa ngati mbuzi ya m'khola mwawo. Tsiku loyamba anandifunsa zimene ndinaphunzira kukoleji. Ndinati malamulo a ntchito za boma. "Zabwino zimenezo, achimwene," anatero akupukuta magalasi. "Malamulo ali m'kabati umo, sathawa. Kuno muphunzira anthu." Ndinaseka mwaulemu, mumtima ndikuti mkuluyu akuchita nsanje ndi pepala langa. Masiku amenewo kusowa kwa zinthu tinkakutenga ngati nyengo. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa mapepala a mayeso akale. Timawaya tolumikizira mapepala tikatha, a Sitolo ankasolola ulusi wa thumba la feteleza n'kumasoka mafayilo ndi singano, ndipo ena mwa mafayilo osokedwawo alipobe mpaka lero, olimba kuposa atsopano.

M'kachipinda komweko ndi mmene ndinakumana ndi mayi ako. Esnati anali mphunzitsi wongoyamba kumene pa sukulu ina ya pa boma, ndipo anabwera kachitatu kudzafunsa kalata yomutsimikizira pa ntchito. Ulendo wachitatuwo anaima pakhomo n'kunena kuti, "Inu a tayi, fayilo yanga mwaidya kapena?" A Sitolo anaseka mpaka kutsokomola. Fayiloyo ndinaipeza tsiku lomwelo, ndipo kalatayo ndinakaipereka ndekha ku sukulu, ngakhale kuti sinali ntchito yanga. Tinakwatirana patapita zaka ziwiri, iwe n'kubadwa chaka chotsatira. Za mphumu anandiuza tisanakwatirane. Anatsegula chikwama n'kundionetsa kabotolo kopopera m'kamwa kamene timati inhela, n'kuti, "Uyu ndi mwamuna wanga woyamba. Mukandifuna ine, mumulandirenso iyeyu." Miyezi yozizira inkamuvuta kwambiri. Iwe usanakwanitse zaka khumi, anagonekedwa kuchipatala kawiri, ndipo maulendo onse awiri chinamupulumutsa n'chakuti nyumba yathu inali pafupi ndi chipatalacho, mtunda woyenda pansi.

Chaka chachisanu mpaka chachisanu ndi chiwiri: Thambani

Anandituma ku Thambani kuti ndizisonkhanitsa ziwerengero za aphunzitsi ndi ana m'sukulu za kumeneko. Inu awiri munatsala pa boma, ine ndinkabwera kumapeto kwa sabata pa pikiapu. Ntchitoyo ndinkayenda panjinga, kukwera ndi kutsika mapiri, ndipo ndi imene inanditsegula maso. Panali sukulu ina kuseri kwa mapiri, ndiitchule kuti Kumtunda, imene inali ndi makalasi asanu ndi atatu koma aphunzitsi awiri okha. Ahedi ake, a Bizwiki, ankathamanga kuchoka pa mtengo uwu kupita pa mtengo uwo, choko chili kukhutu. Akasiya kalasi ina ankaiyambitsira nyimbo kuti isabalalike, moti ukamayandikira sukuluyo unkamva ngati kuli ukwati. Ana a Sitandade 4 ankaimba bwino zedi, koma ambiri sankatha kulemba dzina lawo. Lachisanu ndikafika pa boma ndinkadutsa pa sukulu imene aphunzitsi atatu ankagawana kalasi imodzi, mmodzi akuphunzitsa, awiri atakhala pamthunzi. Sindikuwanyoza. Ambiri anabwera potsatira amuna awo ogwira ntchito pa boma ndi pa malire, ndipo lamulo linkalola. Koma lamulo lomwelo ndi limene linkasiya a Bizwiki akuthamanga.

Tsiku lina pamsika wa Thambani mayi wina wogulitsa tomato, atamva kuti ndine wa ku maphunziro, anandiwonjezera tomato awiri n'kunena kuti, "Bambo, ndifunseko. Nthawi ya mavoti mumatipeza, njira mumaidziwa bwinobwino. Aphunzitsi okhawa ndi amene amasochera?" Anzake anaseka. Funsolo ndinabwerera nalo pa boma, ndipo ndinalisunga zaka zambiri. Ndikufuna ulikumbukire pamene ukuwerenga zotsatirazi, osati kuti lindichotsere mlandu, koma kuti udziwe kuti chimene ndinkamenyera chinali chenicheni.

Chaka cha khumi ndi chinayi, mwezi wa Ogasiti

Pofika nthawi imeneyi a Sitolo anali atapuma, ine ndili ndi tebulo langalanga lija, ndipo nkhani za transifa zonse zinkadutsa kwa ine. Kunabwera kalata yochokera ku likulu yolamula kuti aphunzitsi ochuluka m'matauni agawidwe kumidzi sukulu zisanatsegulidwe. Pa wailesi ankaikamba m'mawa uliwonse, ena akuyamikira, ena akuti boma likuthetsa mabanja. Mkulu wathu anali a Gwaza, munthu wofatsa wa ku Ntcheu amene anatsala zaka ziwiri kuti apume. Anandiitana n'kukankhira kalatayo kwa ine ndi chala chimodzi ngati ndi yotentha. "A Kamwaza, zoterezi ndaziona katatu. Zimabwera ndi mkokomo, zimapita mwakachetechete. Tangolembani mayina a anyamata osakwatira, tipereke lipoti, tipume." Ndinakana. Ndinati tikatero tikhala tanamiza ana a ku Kumtunda. Ndinapempha kuti tiike muyeso umodzi woti aliyense auone: amene wakhalitsa pa boma osagwirako kumudzi ndiye ayambe kupita, kaya ndi mkazi wa ndani. A Gwaza anandifunsa kuti, "Mwawerengera kuti madamu akhala zaka zingati pa boma?" Ndinati ndawerengera. Anali atakhala zaka khumi ndi zinayi.

Nkhani itamveka, makalata akuchipatala anayamba kugwa ngati mango. Sabata imodzi yokha, anthu amene ndinkawaona akuvina pa zikondwerero anapezeka ndi msana, ena BP, ena mphumu. Ena anali odwaladi, ena ayi, ndipo ine ndinalibe njira yowasiyanitsira. Mu ntchito za boma muli kachitidwe kakale kakuti munthu akapatsidwa transifa amayamba wapita, dandaulo amalembera komweko. Ndinakafukula kachitidwe kameneko n'kukasandutsa khoma. Aliyense wobwera ndi kalata ndinkamuuza mawu amodzimodzi: "Pitani kaye, mukadandaulire komweko." Ndinawanena mawuwa kambirimbiri mpaka anasanduka dzina langa, ndikadutsa pamsika ndinkamva kumbuyo, "A Pitanikaye awo." Mmodzi mwa obwera ndi kalata anali mayi Chikuse, mphunzitsi wamkulu msinkhu amene ankaimba kwaya imodzi ndi mayi ako. Nditawauza mawu anga aja, anapinda kalata yawo pang'onopang'ono, naiika m'chikwama, n'kunena pamaso pa anthu onse amene anali pa benchi: "Zikomo bwana. Tiona ngati mukawauzenso choncho akunyumba."

Lachitatu m'mawa, iwe utapita kale kukatunga madzi kwa aneba, ndinapeza envelopu pansi pa chitini cha shuga. Mayi ako anali atatembenukira ku mbaula. Anati, "Sindinaipemphe chifukwa cha mndandanda wanuwo. Adokotala analemba okha nditapita kukatenga inhela. Ndinu mukudziwa zoyenera kuchita nayo." Ndinaiwerenga. Inali yaifupi. Inkanena kuti wodwalayu anagonekedwapo kawiri ndipo ayenera kukhala pamalo poti angathe kufika kuchipatala msanga. Panalibe liwu limodzi labodza. Ndinaiika m'thumba lam'kati la jekete yanga yotuwa ija, n'kunena kuti ndiona. Tsiku lonse ndinagwira ntchito ndikuimva pachifuwa. Madzulo ake, cha m'ma 3 koloko, ndinapita ndi mndandanda kwa a Gwaza kuti asaine. Anayendetsa cholembera pa mayina, nafika pa dzina la mayi ako, n'kuima. "Kodi madamu alibe kalata? Ine ndimawamva kutchalitchi, nyimbo ikafika pokwera amakhala pansi. Ngati ilipo bweretsani, ndichotsa ndekha dzinali. Mlandu ukhale wanga, ine ndikupita kale." Ndikulemba mawu amene ndinayankha monga mmene ndinawanenera. Ndinati, "Alibe, bwana."

Ndinadziuza zifukwa zambiri, ndipo zina zinali zoona. Ndikanachotsa dzina limenelo, mndandanda wonse ukanagwa tsiku lomwelo. Aliyense akanaloza nyumba yanga, ndipo a Bizwiki akanapitiriza kuthamanga. Dziko lathu ndi laling'ono, Tadala, ndipo boma ngati la Mwanza ndi laling'ono koposa. Lamulo lililonse ukalitambasula mokwanira limakafika pakhomo pako. Amene amalemba malamulo ku likulu amalembera anthu osawadziwa. Ife a m'maboma timawagwiritsa pa anthu amene tinadya nawo pa ukwati. Koma panalinso chifukwa china chimene sindinadziuze nthawi imeneyo. Sindinkafuna kuti mayi Chikuse apambane. Ndinkafuna kuti anthu a pa benchi aja adzanene kuti Kamwaza ndi munthu wowongoka.

Mndandanda unamatidwa pa bolodi Lachisanu. Ndinaima pa windo n'kumaona anthu akukankhana. Chimene ndinaona sindidzaiwala: aliyense ankayamba wafufuza dzina la mayi ako asanafufuze lake. Mayi ako anabwera masana, anawerenga, n'kulowa muofesi mwanga. Anati, "Kumtunda. Si kuja munkati ana amaimba bwino?" Ndinati ndi komweko. Anati, "Chabwino. Ndipita kaye." Sanafunse za envelopu. Loweruka anachapa ndi kusita zovala monga mwa nthawi zonse. Lolemba nditavala jekete ndinapeza envelopu ili m'thumba lakumanja, pamene ine ndinaiika kumanzere, ndipo inali yowongoka ngati yadutsidwa ndi simbi.

Seputembala mpaka Meyi

Tinagwirizana kuti iwe utsale ndi ine chifukwa cha sukulu. Unali ndi zaka khumi. Mayi ako anapatsidwa chipinda kuseri kwa ofesi ya ahedi, momwe kale ankasungiramo mabuku ndi matumba a ufa wa phala. Ankabwera Lachisanu, kamodzi pa milungu iwiri, pa njinga yamoto ya kabaza mpaka pa Thambani, kenako pikiapu. Uyenera kuti ukukumbukira mtedza ndi nthochi zimene ankabwera nazo, zopatsidwa ndi makolo. Sindinganame kuti anali womvetsa chisoni. Anapatsidwa Sitandade 2, ana odzaza bwalo, ndipo pofika Khirisimasi ankabwera ndi timapepala m'chikwama kudzandionetsa. "Taonani uyu. Mu Seputembala ankagwira pensulo ngati mpini wa khasu." A Bizwiki ananditumizira uthenga kuti kwa nthawi yoyamba adya nkhomaliro atakhala pansi. Mwa onse amene tinawatumiza, ambiri anapitadi, ngakhale mayi Chikuse, ndipo ku likulu boma lathu linatchulidwa ngati chitsanzo. Ndinanyada.

Tsono pali chinthu chimene a Felesiya sakuchidziwa, ndipo ndi cholemera kuposa chimene anakuuza. Malinga ndi lamulo langa lomwe, munthu akapita kaye anali ndi ufulu wodandaula. Mayi ako anapita. Teremu yoyamba itatha anandifunsa tikusenda chinangwa pakhonde: "Abambo a Tadala, kupita ndinapita. Dandaulo lija mulitumiza liti?" Ndinati adikire pang'ono, fumbi lisanakhazikike, ndikatumiza lake loyamba anthu anena kuti zonse zinali sewero. Anagwedeza mutu. Pa tchuthi cha Pasaka anafunsanso, ulendo uno osaseka. Anati chipinda chija chimachita chinyezi, ndipo inhela imene kale inkatha miyezi iwiri ikutha milungu itatu. Anati akuopa Juni. Ndinati kwatsala teremu imodzi yokha; chaka chikatha mu Julayi palibe amene adzalankhule, ndipo ndidzatumiza tsiku lotsekera lomwelo. Ndinamugulira juzi yochindikala ndi ma inhela awiri. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu a tayi." Madandaulo a anthu ena asanu ndinawatumiza mu teremu yomweyo, ndipo atatu anabwezedwa pa boma.

Chaka cha khumi ndi chisanu, mwezi wa Juni

Mwezi umenewo mafuta a galimoto anasowa m'dziko lonse. Mizere inkayambira pomwetsera mafuta n'kukafika kumsika, ndipo mathiraki opita ku malire ankagona m'mbali mwa msewu. Kumapiri kunagwa chiperoni masiku anayi osalekeza. Lachiwiri m'mawa ndinali pa mzere ndi njinga yamoto ya ku ofesi, tsiku lachiwiri ndili pomwepo, pamene foni inalira. Anali a Bizwiki. Anati madamu abanika ali m'kalasi, inhela sikugwira, ndipo akabaza onse a njinga zamoto a kumeneko aimika chifukwa alibe dontho. Anati amukweza pa njinga yakapalasa, abambo awiri akukankha, mayi wina akumugwirizira, akulowera kuchipatala cha pafupi. Ndinasiya njinga pa mzere n'kuthamangira kwa mnzanga wa pa malire amene anali ndi galimoto. Tinapopa mafuta ndi payipi m'jenereta ya shopu yake. Tili pakati pa njira foni inaliranso. A Bizwiki anati, "Bwana, musathamange."

Anamwalirira pa chitunda, denga la chipatala likuoneka patsidya. Ndinamupeza atamugoneka pansi pa mtengo, atamufunditsa chitenje cha mayi uja. Anali atavala juzi ija. M'manja munali choko.

Za maliro sindilemba zambiri, unalipo. Ndinavala jekete yotuwa chifukwa ndinalibe ina. Ndili kumanda ndinapisa dzanja m'thumba kufuna mpango, n'kukhudza envelopu. Anthu a ku Kumtunda anabwera wapansi, makolo ndi ana, n'kuimba. A Gwaza anandigwira dzanja nthawi yaitali, ndipo mpaka anapuma pa ntchito sanandifunsenso za kalata. Ndikukhulupirira kuti ankadziwa. Mayi Chikuse anandipeza kuseri kwa nyumba anthu akubalalika. Anati, "A Kamwaza, mawu anga aja pa benchi. Akhala akundidya." Ndinati, "Mawu anu sanalembe mndandanda, mayi. Ndinalemba ndine." Pambuyo pake ndinamva kuti BP imene inalembedwa m'kalata yawo ija inali yeniyeni. Sanatumize dandaulo, ndipo ali ku sukulu yomweyo mpaka pano.

Zaka zisanu zotsiriza

A Gwaza ananena zoona. Mkokomo unatha. Pasanathe zaka ziwiri mayina anayamba kubwerera pa boma limodzilimodzi, ena ndi zifukwa zomveka, ena chifukwa foni inalira kuchokera kutali. Ku Kumtunda anatsala aphunzitsi atatu. Anthu ena ankayembekeza kuti ndiyamba kutukwana lamulo lija. Sindinatero, ndipo mpaka lero sindingatero. Mwana wa kuseri kwa phiri ali ndi ufulu wofanana ndi wako, ndipo palibe mphunzitsi amene angamufikire popanda wina kumutuma. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kalata ya ku likulu imasamutsa munthu yekha. Siinyamula nyumba youma, siinyamula msewu, siinyamula mafuta. Zinthu zimenezi zili m'maofesi ena, ndipo ofesi iliyonse imalemba lipoti lake labwino. Amene amakumana nazo zonse pamodzi, tsiku limodzi, pa chitunda chimodzi, ndi munthu amene dzina lake lili pa mndandanda. Zimenezi ndinkazidziwa kuposa wina aliyense, pakuti njira ya ku Kumtunda ndinaipalasa ndekha zaka zitatu.

M'chaka changa cha khumi ndi chisanu ndi chinayi kunabwera kalata ina yofanana ndi yoyamba ija. Mkulu watsopano, mayi wachangu wochokera ku Zomba, anandiuza kuti wamva kuti ine ndi katswiri wa ntchitoyi. Ndinalemba mndandanda ndi muyeso womwe uja. Koma kalata iliyonse yakuchipatala ndinaiwerenga mwini wake atakhala patsogolo panga, ndinamufunsa mankhwala amene amamwa, ndipo ndinayang'ana kutalika kwa sukulu ndi chipatala ndisanalembe dzina. Ntchito ya sabata imodzi inanditengera mwezi. Ndikudziwa kuti ena anandinamiza ndipo anatsala pa boma ali bwinobwino. Mkuluyo anati ndafewa. Mwina. A Sitolo, amene ndinkawachezera ali chigonere, atamva anangoti, "Mwachedwa, achimwene, koma mwafika." Nditakwanitsa zaka makumi awiri, zimene lamulo limalola munthu kupuma mwakufuna kwake, ndinalemba kalata yopuma. Anzanga anati ndapenga, munthu wa zaka makumi anayi ndi zitatu kukalima manachesi. Sindinawafotokozere kuti ndinkaona chitunda chija nthawi iliyonse ndikamalemba dzina la munthu pafupi ndi dzina la sukulu.

Lero

Tsopano yankho la funso lako. Inde, ndinkadziwa. Ndinadziwa tisanakwatirane, ndinadziwa pamene ndinkawerenga kalata ija pafupi ndi chitini cha shuga, ndinadziwa pamene a Gwaza anandipatsa mpata ine n'kunama. Mayi ako anapempha kawiri, mwaulemu, chinthu chimene chinali chake mwalamulo, ndipo kawiri konse ndinamuuza kuti adikire chifukwa cha zimene anthu anganene za ine. Anthu adzakuuza kuti inali mphumu, kuti anali mafuta, kuti inali nthawi yake. Ena adzakuuza kuti iye anavomera yekha kupita. Zonsezo zili ndi choonadi chake, koma usalole kuti zikuphimbire ichi. Usalolenso kuti wina akuuze kuti chaka chake chomaliza chinapita pachabe. Ana a Sitandade 2 aja ena ali ku sekondale tsopano, ndipo mmodzi anandiimitsa pa Thambani chaka chatha n'kundilembera dzina lake pa chikhatho kuti ndione mmene madamu anamuphunzitsira. Zinthu ziwirizi ndimazinyamula limodzi, ndipo china sichichepetsa chinzake.

Envelopu ija ndaichotsa m'jekete. Ili pakati pa tsamba lino ndi chikuto cha buku limene ndikulembamoli, yowongoka monga mmene mayi ako anaisitira. Inayenera kufika pa tebulo la a Gwaza zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndikuipereka kwa iwe, chifukwa ndiwe wotsala amene ungaweruze. Ukasankha kupita kwa a Felesiya ndidzakunyamulira chikwama mpaka pa depoti, ndipo sindidzakufunsa tsiku lobwerera. Bukuli ndalisiya pansi pa chitini cha shuga kuti ulipeze m'mawa. Ine ndikhala kumunda, kumizere ya kumunsi kumene manachesi ayamba kupsa. Ngati uli ndi mawu oti undiuze, ngakhale owawa chotani, usadikire kuti mayeso athe. Bwera nawo lero lomwe.